Tsiku limene ndinakumana ndi Nthondo

M'chaka cha 1983 ndinali ndi zaka 15, ndipo ndinali mnyamata wovuta m'mudzi mwathu, m'dera la Mfumu Msakambewa, kumene phiri la Kongwe limaonekera bwino dzuwa likamatuluka. Bambo anga anali atatisiya chaka chapitacho. Kuyambira pamenepo mtima wanga unauma, ndipo mawu a mayi anga ndinkangowamva ngati mphepo. Mwezi wa Okutobala, anthu akukonzekera dzinja, ndinalowa m'nkhokwe ya amalume usiku ndi kutapamo mtedza wambewu wodzaza ndowa, n'kukagulitsa. Mlandu unagwera mng'ono wanga, amene ankadyetsa mbuzi pafupi ndi nkhokweyo. Iye anakwapulidwa, ine ndili chete.

Sabata lomwelo aphunzitsi athu a Chichewa anandiitana titaweruka. Sanandifunse kanthu. Anangondipatsa kabuku kothaitha, nati, "Iwe, kawerenge aka, ukabweze Lolemba." Kanali ka Nthondo, kolembedwa ndi Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Pambuyo pake ndinadziwa kuti bukuli linatuluka mu 1933, linapata mphoto pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi kulitcha Man of Africa. Koma usiku umenewo zonsezi sindinazidziwe. Ndinangoyatsa koloboyi m'gowelo, anzanga ali mtulo, ndi kuyamba kuwerenga.

Ndinapezamo mnyamata amene bambo wake anamwalira iye akali wamng'ono, nasanduka wamwano ndi wakuba. Pamene ndinafika pa za kubazo, ndinatseka buku ndi kuyang'ana kuchitseko, ngati kuti wina wandigwira dzanja. Panalibe munthu. Mlembiyo sanandidziwe, ndipo pa nthawiyo anali atamwalira kale, koma anadziwa zimene zimachitika mumtima mwa mwana wosiyidwa. Akulu akandidzudzula ndinkakonza mayankho iwo asanamalize kulankhula. Buku silinandipatse mpata umenewo, chifukwa silinkanena za ine ayi. Linkanena za Nthondo, ndipo ndinali ine ndemwe amene ndinkamuweruza. Nditamaliza kumuweruza ndinazindikira kuti chigamulocho chinali changa.

Chimene chinandithandiza koposa ndi chakuti nkhaniyo sinathere pa kuba. Nthondo anapita kutali kukagwira ntchito, anavutika, anabwerera kwao, nakhala mfumu, ndipo pa mapeto pake anasintha moyo. Pamenepo ndinaona kuti munthu wa zaka 15 sanathe kukula, ndi kuti dzina loipa limene wadzipatsa lingathe kufufutika. Loweruka m'mawa ndinapita kwa amalume, ndinakhala pansi, ndi kunena kuti, "Amalume, mtedza uja ndinaba ndine." Iwo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Kayambe wapepesa mng'ono wako, ukatero ukatenge khasu." Ndinalima m'munda mwao dzinja lonse. Mng'ono wanga anandikhululukira, komabe mikwingwirima imene inali pamsana pake ndimaikumbuka kufikira lero.

Kuchokera apo ndinayamba kufunafuna mabuku ena. Ndinawerenga Msyamboza, limene Ntara yemweyo analemba za mfumu ya ku Chibanzi, kufupi ndi Kongwe, ndipo ndinadabwa kuona kuti malo amene mapazi anga ankawadziwa angalowe m'buku. Ndinawerenganso Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe, mabuku a John Gwengwe. Onsewa anandifunsa funso limene kale linkafunsidwa kusimba ndi kumphala: kodi iwe udzakhala munthu wotani?

Ndikulemba izi chifukwa cha mdzukulu wanga, amene wakwanitsa zaka 14. Masiku ano salankhula zambiri, ndipo amayi ake akamfunsa amayankha ndi mapewa. Tsiku lina iwo anampeza akuwerenga buku la nthano, namkalipira kuti, "Zopeka zimenezo zidzakupatsa chiyani? Bwanji osawerenga za mayeso?" Ndinawapempha kuti amleke. Makolo anzanga, mwana wa msinkhu umenewu ali ndi zinthu zimene sangathe kutiuza, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa choti iye mwini alibe mawu ake. Akapeza mnzake m'buku amene akulimbana ndi mkwiyo, chikondi, umasiye kapena mantha, amapeza mawuwo. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene analeka sukulu pa njala ya 2002: buku la mu laibulale yaing'ono ndilo linamsonyeza kuti angathe kumanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Iye buku linamsonyeza zimene manja ake angachite; ine linandisonyeza chimene mtima wanga unali kubisa.

Akulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, koma wowongola mwankhanza amauthyola. Aphunzitsi aja ayenera kuti anadziwa za mtedzawo, koma sanandichititse manyazi pamaso pa anzanga. Lolemba ndinawabwezera buku lawo, ndipo anangondifunsa kuti, "Wamaliza?" Ndinati inde. Anandipatsa lina.