Sienta ya amalume ndi lisiti lakuti katundu sabwezedwa

Kwathu kuno kwa Kaduya galimoto siigulidwanso ngati kale, pamene munthu ankavala jekete, kukwera basi ya ku Limbe, n'kukaizungulira galimotoyo katatu akumenya matayala ndi phazi. Masiku ano imagulidwa pafoni. Ena amatsegula Be Forward kapena SBT n'kuitanitsa ku Japan, galimoto n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, kulipiridwa msonkho ku MRA. Koma ambiri alibe mtima wodikira sitima, ndipo chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhani ya madola imawaopsa. Ndiye amapita pa Facebook, kwa madila a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene galimoto zawo zili kale mumpanda. Zithunzi khumi, kavidiyo ka injini ikulira, kenaka mawu aja: "Palibe vuto lililonse bigi, ingothirani mafuta."

Amalume anga anagula choncho. Anagulitsa nandolo wa zaka ziwiri, mbuzi, ndi njinga yamoto imene ankapangira kabaza, n'kuwonjezera ngongole ya ku banki m'khonde ya akazi awo. Ankafuna Sienta yonyamula anthu pakati pa Migowi ndi Limbe. Dila wina wa ku Lilongwe anawatumizira galimoto ndi dalaivala wake, ndipo inafika madzulo ikunyezimira. Tsiku lachitatu, injini itatentha, giyabokosi inayamba kuchedwa kugwira, galimoto kumanjenjemera pokwera chitunda ngati ikumva malungo.

Anandipeza ndili pakhonde. "Mphwanga, iwe unapita kusukulu, tawerenga ichi." Linali lisiti, ndipo pansi pake, m'tizilembo tating'ono, panalembedwa kuti "Goods once sold are not returnable". Dila uja anali atawajambulira kale mzere umenewo n'kuwatumizira pa WhatsApp, osawonjezera liwu lina.

Mukafunsa Google za kubweza galimoto yogula patali, chimene chimabwera pamwamba ndi malamulo a ku UK. Kumeneko lamulo la 2013 limapatsa wogula masiku 14 oti abweze katundu amene wagula kwa wamalonda osakumana naye maso ndi maso, ngakhale katunduyo alibe vuto, kungoti mtima wasintha basi. Lina la 2015 limamupatsa masiku 30 oti akane katundu wowonongeka n'kulandira ndalama zake zonse. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali, lamulo lawo la 2008 loteteza ogula limapereka miyezi isanu ndi umodzi pa katundu amene wapezeka ndi vuto. Zokoma kuwerenga, koma zimenezo ndi za eni ake. Simungamuopseze nazo dila wa ku Lilongwe, angokusekani.

Zathu zilipo, kungoti sizitchuka. Tili ndi Consumer Protection Act ya 2003. Tili ndi Competition and Fair Trading Act, imene inayamba mu 1998 n'kulembedwanso mu 2024, ndipo bungwe la CFTC ndi limene limaiyang'anira. Mfundo imene inandigwira mtima ndi yakuti wamalonda saloledwa kudzichotsa pa udindo wa katundu wowonongeka amene wagulitsa. Kamzere ka pa lisiti kaja, kamene timakaona m'mashopu kuyambira tili ana mpaka tinakazolowera ngati vesi, a CFTC akhala akunena kuti n'kosaloledwa. Palinso lamulo lakale la Sale of Goods Act, lochokera kwa Angerezi, limene limati katundu wogulitsidwa pomufotokozera ayenera kufanana ndi zimene wogulitsa ananena. Munthu wogula pafoni sanagwire chitsulo, wagula mawu a wogulitsa. Ngati mawuwo anali oti giyabokosi ili bwinobwino, ndiye giyabokosi yabwinoyo ndi imene analipira.

Vuto linali lakuti lamulo lomwelo lili ndi mbali ina yowawa. Ukakhala ndi katundu nthawi yaitali osadandaula, kapena ukayamba kumugwiritsa ntchito ngati wakhutira naye, umatengedwa kuti wamulandira, ndipo mwayi womukana umachepa. Amalume ankafuna zinthu ziwiri, zonse zomveka: kuti makaniko wa pa Migowi atsegule giyabokosiyo, kapena ayambe kunyamula anthu pang'onopang'ono kuti chiwongoladzanja cha ku banki m'khonde chisawapitirire. Ine ndinawapempha kuti asachite chilichonse mwa ziwirizi.

"Ndiye ingokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zizigonapo?"

"Eya amalume. Ikangotsegulidwa, adzati mwaiwononga ndinu."

Sindinaonepo munthu wamkulu akuyang'ana galimoto yake mmene ankaiyang'anira masiku amenewo. M'mawa uliwonse ankaipukuta fumbi. Anzawo a pa siteji ankafunsa kuti ikutuluka liti, akazi awo ankapita ku msonkhano wa banki opanda choti anene. Lamulo limati dikirani, sungani umboni, koma silinena kuti mudya chiyani podikirapo.

Chimene chinatithandiza ndi khalidwe la amalume losafufuta kanthu mufoni. Zonse zinalimo: positi ya pa Facebook, mavoisi a dila akulumbira kuti galimoto yangotsika kumene, nambala ya chasisi, ndi uthenga wa kubanki wosonyeza kuti ndalama zinapita ku akaunti ya kampani, osati kwa mnyamata wina wa pa Airtel Money kapena Mpamba. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera, chifukwa dila akhoza kungoti amene munkalankhula nayeyo sindimudziwa. Tinaitana makaniko kuti angoiyendetsa, osamasula nati ngakhale imodzi, ine ndikujambula vidiyo, n'kulemba zimene wapeza ndi kusaina. Kenaka ndinalemba kalata yachidule: tsiku limene galimoto inafika, tsiku limene vuto linaoneka, mawu ake enieni a dila, ndi zimene tikufuna, kuti akonze ndi ndalama zake kapena atenge galimoto abweze ndalama. Pomaliza ndinati akapanda kuyankha, tikadandaula ku CFTC.

Ndinganene kuti amalume anali ndi mwayi umodzi: wogulitsayo ali m'Malawi momwemuno, ali ndi mpanda ndi dzina loti aliteteze. Ikanakhala yoitanitsa okha ku Japan, nkhani ikanakhala ina. Wogulitsa ali kutsidya kwa nyanja kumene dzanja la CFTC silifika, msonkho walipiridwa kale, ndipo palibe amene angaikwezenso sitima galimoto chifukwa cha giyabokosi. Kumeneko chimene umadalira ndi mapangano a kampaniyo basi, amene ambirife timangodina kuti tavomera osawerenga. Ikanakhalanso yogula kwa munthu wamba wongogulitsa galimoto yake, chitetezo chake n'chochepa kuyerekeza ndi kugula kwa dila.

Dila anakhala chete masiku anayi. Lachisanu anaimba, ndipo ulendo uno sanati bigi, anati "bambo". Kubweza ndalama anakana, koma anavomera kusintha giyabokosi ndi ndalama zake, bola galimoto ipite ku Lilongwe. Mafuta opita ndi obwerera, kudzera ku Limbe, Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, analipira ndi amalume. Ine ndinkaona kuti tikanalimba pang'ono akanalipiranso mafutawo, ndipo mpaka lero ndimaona choncho. Koma amalume anati atopa, akufuna galimoto pamsewu, ndipo ngongole inali yawo, osati yanga.

Sienta inabwerako patatha milungu itatu, ndi pepala losainidwa lakuti giyabokosi ikavutanso m'miyezi itatu adzaikonza ulere. Pepalalo tinalikakamira ndife. Pano ikuyenda, imanyamuka pa Migowi kusanache. Chiwongoladzanja cha mwezi umene inagona pansi pa mango uja akubwezabe, ndipo mbuzi ziwiri zimene zinatsala m'khola zinapita kumsika.