Machona a pa Intaneti

Ku Mutorashanga, tauni ya migodi ya chrome pa Great Dyke, mawu a agogo ena ankadukaduka akamayankhula pa WhatsApp ndi msuweni wawo wa ku Dedza. Mdzukulu wawo anatsegula kompyuta n'kugwiritsa ntchito ping, pulogalamu imene Mike Muuss analemba mu 1983. Ping imatumiza timaphukusi ta uthenga n'kuwerenga tobwerera. Atamva za tosabwerera, agogo anati, "Amenewo ndi machona."

Liwulo ndi lolemera m'banjamo. Bambo a agogowo anachoka ku Nyasaland wapansi, kudzera ku Tete, ndipo kumudzi sanabwererenso.

Kenako mnyamatayo anayesa traceroute, imene imandandalika makina onse amene uthenga umadutsamo, ngati zigono za paulendo. Pachigono china panangooneka nyenyezi zitatu. Iye anafotokoza kuti makina ena amapititsa uthenga koma osayankha; ngati akutsogolo akuyankha, njira ili bwino. Timaphukusi tinkatayikira pachigono choyamba, m'nyumba momwemo. Atayandikitsa foni ku rauta, mawu a ku Dedza anamveka bwinobwino.

Foni itatha, agogo anati, "Kumudzi ankati bambo anatayika. Chikhalirecho anafika, kungoti sanayankhe."