Kukonza foni aphunzira, nanga kusunga pakamwa?

Mdzukulu wanga wamwamuna ali ndi zaka 16 ndipo ali Folomu 3. Mwanayu foni ikafa amaidzutsa. Adayambira pa yanga yomwe itagwera mundowa ya madzi, ndipo lero anthu kuno ku Chileka amachita kumulondola pakhomo. Loweruka lililonse amapita ku Lirangwe komwe amathandiza mnyamata wina pabenchi yokonzera mafoni.

Mwezi wathawu adabwera ndi nkhani. "Agogo, sukulu ikungondichedwetsa. Ndikufuna nditsegule benchi yangayanga." Bambo ake adakalipa, mayi ake adalira, mapeto ake nkhani idagwera ine. Ndikudziwa kuti makolo ambiri muli ndi funso lomweli: kodi mwana wosafika zaka 18 angaigwire ntchito yamakonoyi, n'kuyendetsanso bizinesi payekha?

Kumbali ya luso, ine sindikayika ngakhale pang'ono. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adali ndi zaka 14 pomwe adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo mu 2002, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ija. Zipangizo zake zidali zitsulo zotola, dayinamo ya njinga ndi buku la mulaibulale. Ku Mulanje nako Gabriel Kondesi adapanga wailesi yakeyake, Pachikweza, anthu a m'midzi yozungulira n'kumamvera.

Mdzukulu wangayu amakonda kutchula anthu awiriwa, koma nkhani zawo amazidula pakati. Kamkwamba adabwerera kusukulu mpaka adatenga digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Kondesi adamangidwa mu 2009 ndipo khoti lidamulamula kulipira K50 000 chifukwa choulutsa mawu popanda chiphaso. Mawaya adawadziwa bwino lomwe, koma za malamulo zidamugwetsa m'mavuto.

Ine ndidagwira unamwino zaka zoposa 30. Kubaya jakisoni ndidaphunzira m'masiku owerengeka, manja anga adali ochangamuka. Komatu sadatisiye tokha muwodi. Asisita ankaima kumbuyo kwathu, maso ali pa ife. Chomwe chidanditengera zaka n'kuphunzira kusunga chinsinsi cha wodwala. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika povuta, unkadziwa zotsatira za magazi a munthu woyandikana naye nyumba. Mukakumana pamsika unkangoti "mwadzuka bwanji," basi. Ngakhale bambo a kunyumba sindinkawauza.

Foni ya masiku ano ili ngati fayilo ya wodwala. Muli zithunzi, muli mauthenga a m'banja, muli ndalama za pa Airtel Money ndi Mpamba. Wokonza foni amagwira zonsezi m'manja mwake.

N'chifukwa chake ndidamukumbutsa mdzukulu wanga zomwe zidachitika chaka chatha. Mayi wina wachitsikana adamusiyira foni yosweka galasi, ndipo adamuuza nambala yotsegulira kuti akatha ayese. Mwana adakonza bwinobwino. Poyesapo adaona mauthenga ochokera kwa mwamuna wina wa ku Joni, onena za ndalama zomwe watumiza. Adanong'oneza mnzake mmodzi yekha. Pasadathe masiku atatu nkhani idafika kwa mwamuna wa mayi uja, itamera kale nyanga, ati mkazi wako ali ndi chibwenzi chomutumizira ndalama.

Chonsecho munthu wa ku Joniyo adali mlongo wake wa mayiyo, ndipo ndalamazo zidali zogulira malata a nyumba ya mayi awo. Mtsikana wa eni ake adagona kwawo sabata ziwiri. Ankhoswe adakhalirana pansi kawiri kuti banjalo libwerere. Ine ndi ukalamba wangawu ndidamutenga mwana kukagwada naye pakhomo la anthu aja. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Tsiku limenelo mlomo udatitsata tonse awiri.

Mwanayu si woipa ayi. Adachita zomwe mwana wa zaka 15 amachita akaona chinthu chodabwitsa. Manja adakhwima msanga, mtima udakali wanthete. Bizinesi imafuna zonse ziwiri: kudziwa kukana mnzako wofuna ngongole, kupepesa ukaononga katundu wa munthu, kusiyanitsa mpamba ndi phindu, komanso kutseka pakamwa.

Nawo malamulo athu amaona chimodzimodzi. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 saloledwa kugwira ntchito yoononga thanzi lake kapena maphunziro ake. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana.

Tsono tidagwirizana chonchi. Ku Lirangwe azipita Loweruka ndi patchuthi pokha. Foni akakonza, mwiniwake azitsegula ndi kuyesa yekha pamaso pake. Ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka azilemba m'kabuku, ndipo Lamulungu tikachoka kutchalitchi ine ndiziona kabukuko. Akalemba mayeso a MSCE tidzamufunira malo kusukulu yantchito zamanja pansi pa TEVETA, akapeze pepala. Benchi yakeyo idzabwera pambuyo. Adang'ung'udza, koma kabuku adagula.

Makolo anzanga, mwana akaonetsa luso musamuthire madzi ozizira pomunena kuti akungoseweretsa mawaya. Komanso musamutaye yekha pamsika chifukwa choti wayamba kubweretsa ya ndiwo. Imani kumbuyo kwake monga ankachitira asisita aja.

Nanu a pabanja achinyamata, ndalama zochokera kwa achibale muziuzana m'nyumba zisanamveke kubwalo. Ndipo mukamva nkhani yochokera pabenchi ya mafoni, yambani mwafunsa mnzanu musanamulongedzere katundu.