Ndinapita ku Ngokwe ndi magitala m'thumba

Pa depoti ya Balaka kondakitala anandiyang'ana kawiri ataona mahedifoni anga, kenako anauza dalaivala kuti akweze wailesi, ngati akuti m'galimoto muno nyimbo zilimo kale. Munkalira Lucius Banda. Ku Balaka zimenezo simungatsutse. Kuno ndi kwawo kwa Alleluya Band, kwa Paul Banda ndi mng'ono wakeyo, ndipo chimwalirireni Soja pa 30 June 2024 nyimbo zake zikumveka ngati zatuluka dzulo. Ndinavula mahedifoni mwaulemu mpaka pa Liwonde. Titangowoloka Shire ndinawabwezera m'makutu n'kuyatsa Paranoid ya Black Sabbath, kuyambira nyimbo yoyamba.

Ndiulule pompano: ndine mmodzi wa anthu ochepa aja omvera rock ndi metal m'dziko la amapiano ndi makwaya. Ndili ndi timalamulo tanga. Chimbale ndimamvera chathunthu, motsatana, osadumpha ngakhale nyimbo yotopetsa. M'mawa ndi wa Deep Purple kapena Led Zeppelin. Metallica ndi Iron Maiden ndimasungira madzulo, makamaka tsiku limene kuntchito andiputa. Nyimbo ndimatsitsa usiku bandulo ikatchipa, chifukwa nyimbo zina za Maiden zimadutsa mphindi 10 ndipo ma MB sachedwa kutha. Pagulu sindiika pa sipika. Ndinaphunzira ndili ku koleji, tsiku limene mnzanga wa m'chipinda anandifunsa, osaseka n'komwe, ngati ndalowa za satana.

Amene anandilowetsa si satana ayi. Ndi amalume anga, mlongo wawo wa mayi, omwe timangowatchula kuti Mjomba monga amanenera Ayao. Amakhala m'dera la Mfumu Yaikulu Ngokwe, kumpoto chakum'mawa kwa boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Ndili ndi zaka 11 ndinakhalako holide yonse, ndipo ndi kumeneko ndinamva koyamba gitala wolira ngati chigayo chatsamwa. Ndinachita mantha, kenako ndinapempha kuti abwerezenso. Ndiye mu August 2025 mayi ataimba foni n'kunena kuti, "Makutu a amalume ako akutseka, ukafuna kucheza nawo pita chaka chomwe chino," ndinagula memore khadi ndipo ndinakhala mausiku atatu ndikuidzaza.

Kuchoka pa Liwonde msewu wa tala umadutsa Nsanama ndi Ntaja, ndipo mpaka pamenepo ulendo ndi wosavuta. Mukasiya tala n'kukhotera kum'mawa, mwalowa ufumu wa kabaza wa njinga yamoto. Wanga anali mnyamata wovala chipewa cha ku mzikiti pansi pa helemeti, wothamanga ngati akuthawa ngongole. Fumbi la August limalowa mpaka m'mano. M'mbali mwa njira muli nandolo wouma, mango ali maluwa okhaokha, mpunga woyanikidwa pamikeka, timizikiti topaka laimu, ana ochokera ku madrasa. Pena foni inangosintha yokha n'kugwira netiweki ya ku Mozambique. Apa m'pamene mumadziwa kuti mwafika kumapeto kwa Malawi.

Amene anazolowera Mangochi akhoza kukhumudwa nayo Chiuta. Ilibe mchenga woti mujambulirepo zithunzi za pa Instagram. Ndi nyanja yosaya, yodzaza bango ndi mlulu, malire a dziko lathu ndi Mozambique akudutsa momwemo, ndipo madzi ake amapita kumpoto kukalowa m'nyanja ya Amaramba, kumene kumayambira mtsinje wa Lugenda. Koma imadyetsa anthu: makumba, mlamba, matemba, ndi mpunga wa m'madambo mwake. Asodzi a kuno amanyadirabe kuti m'zaka za m'ma 1990 anagwirizana okha n'kuthamangitsa anthu obwera ndi makoka a nkacha, omwe ankakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Nkhani imeneyi Mjomba amaikamba ngati anapambana nkhondo.

Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde. Akalamba, abale. Ndinagwada, ndinapereka moni, iwo n'kumangoyang'ana milomo yanga. Anti anandinong'oneza kuti ndizikhala kudzanja lamanzere, khutu lakumanja linapita kale.

Mjomba anapita ku Lusaka mu 1974 ali ndi zaka 19, n'kukagwira ntchito pa galaja ina. Anafika nthawi yabwino. Achinyamata a ku Zambia anali atamva Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath, n'kusakaniza phokoso limenelo ndi kaimbidwe ka kwawo. Lero dziko lonse limati Zamrock. Kunali WITCH ya Jagari Chanda yomwe inatulutsa Lazy Bones!! mu 1975, kunali Amanaz ndi chimbale chawo Africa chaka chomwecho, kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa pa wailesi zizikhala za m'dzikomo, mabandi amenewa anapeza msika. Koma kwa Mjomba mfumu inali imodzi basi: Paul Ngozi wa Ngozi Family, woimba gitala mpaka ndi mano, amenenso nyimbo zake zambiri zinali m'Chinyanja. "Mphwanga, azungu aja tinkangomva magitala," anatero. "Paul tinkamva ndi mawu omwe. Amatinena ifeyo."

Kuno kwathu zinali zina. M'nthawi ya Kamuzu mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo bungwe loona za zofalitsa linkaletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Ngakhale "Cecilia" ya Simon and Garfunkel inaletsedwa, poti dzinalo linali la Mama Kadzamira. Rock sinalephere kumera ku Malawi chifukwa choti makutu athu ndi osiyana ndi a ku Chipata. Nthaka yake ndi imene inali youma. Mjomba pobwerera mu 1983 anameta okha asanafike pamalire, makaseti n'kuwakulunga m'matawulo pansi pa sutikesi. Amati 14 anafika bwino. Otsala lero ndi asanu, ndipo awiri mwa iwo tepi yake inalumikizidwa ndi kyutekisi wa Anti.

Timalamulo tanga tija ndinatengera kwa iwo, ine osadziwa. Mjomba amamvera mbali imodzi ya kaseti patsiku, akaweruka kudimba, atasamba, swala ya madzulo itatha. Lachisanu wailesi siyatsidwa mpaka abwere ku mzikiti. Nyimbo ikamalira salankhula, ndipo mlendo akafika pakati pa nyimbo amamulozera mpando ndi chala. Kubweza tepi amagwiritsa bolopeni, kuti mabatire asathere ntchito yopanda phokoso. Ndili mwana ndinkaona ngati ndi umbombo. Pano ndimaona kuti munthu amene ali ndi nyimbo 40 zokha moyo wake wonse amazidziwa kuposa ine amene ndili nazo masauzande m'foni. Mjomba akhoza kukuuzani pamene woimba ng'oma anachedwa pang'ono. Ine nthawi zina ndimazindikira chimbale chatha ndili pa WhatsApp.

Usiku umenewo ndinatulutsa mphatso. Choyamba ndinawaveka mahedifoni, omwe ndimawadalira aja. Ndinayatsa Day of Judgement ya Ngozi Family, ya 1976, yomwe kaseti yake inatafunidwa ndi wailesi ine ndisanabadwe. Ndinakweza mpaka kumapeto. Anakhala duu, maso ali padenga. Kenako anavula n'kundibwezera.

"Zikumveka ngati munthu akuimba ali m'chitsime."

Mtima unandiwawa. Mausiku atatu, minibasi ziwiri, fumbi lonse lija. Ndinayamba kulongedza, koma iwo analoza kasipika ka Bluetooth komwe ndinatenga kuti ndiwasiyire Anti azimvera maulaliki. Ndinakalumikiza. Anakatenga ndi manja awiri, osakaika pakhutu ayi, koma pachifuwa, pansi pa malaya. Besi itangoyamba ndinaona chala chawo chikugunda pabondo, ndendende pa nthawi yake. Anamvera mbali yonse osatsegula pakamwa. Itatha anati, "Iyi ndi ija ankatsekera dansi." Kaya n'zoona kaya ayi, sindinafunse.

Lamulo la mbali imodzi linaphwanyidwa usiku umenewo. Ndinawauza kuti mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha "Nizakupanga Ngozi" ya mu chimbale cha 45,000 Volts cha 1977 n'kuchiika m'nyimbo yake "Noid", moti achinyamata a ku Los Angeles ndi London akhala akuvina Chinyanja osadziwa. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Ana a Paul analandira kanthu?" Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo Mjomba anamva patapita miyezi, kwa munthu wobwera kudzagula nsomba zouma. Ndinawauzanso kuti Jagari akadaimbabe, kuti WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023. Anaseka mpaka kutsokomola. Za Ozzy Osbourne ndinazengereza, koma ndinanena: anamwalira pa 22 July, patangotha masabata ochepa Black Sabbath itaimba komaliza kwawo ku Birmingham. "Wamisala uja wakhalitsatu," anatero. Iwo ngwazi yawo mu Sabbath ndi Tony Iommi, amene makina a pafakitale anamudula nsonga za zala ziwiri ali ndi zaka 17, iye n'kudzipangira tizipewa ta pulasitiki n'kupitiriza kuimba. Kwa makaniko wakale, nkhani yake ndi imeneyo.

Anti sanazikondepo nyimbozi. Zaka zonsezi amangoti "phokoso la bambo ako", ndipo akuti kalekale achibale ena anabwera kudzawalangiza kuti makasetiwo atenthedwe chifukwa akuitana ziwanda. Anti ndi amene anawabisa m'nkhokwe. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Munthu sasuta, samwa, sayenda usiku. Ndimulandenso phokoso?"

Tsiku lachiwiri kunali manganje mudzi woyandikana nawo, poti August ndi nyengo ya zinamwali. Ng'oma zinalira usiku wonse, gulu likuthamanga ndi fumbi, amayi akuimba mpaka mawu kusasa. Ndinaima pambali n'kumaganiza za mnzanga wa ku koleji uja. Munthu wokulira m'dziko la manganje ndi beni anganene bwanji kuti ng'oma za Metallica n'zaphokoso? Ku Botswana anazindikira kale zimenezi. Ku Ghanzi, m'chipululu cha Kalahari, gulu la Overthrust limachititsa chikondwerero cha metal, anthu atavala zikopa zakuda dzuwa likuswa mtengo. Kuno ndinapita pa kashopu kobenera nyimbo pa msika, pamene achinyamata amadzazitsa ma memore khadi ndi kutchajitsa mafoni pa sola. Mwini wake ali ndi chilichonse: kaswida, singeli ya ku Tanzania, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, Black Missionaries. Nditafunsa za rock anandipatsa Dire Straits ndi Bryan Adams. Ndinamusiyira foda ya Zamrock. Anamvera pang'ono, n'kufunsa ngati sipika yake yaphulika. Ndinamuuza kuti gitalayo amalira choncho dala. Anati aisunga, mwina wina adzaifuna.

M'mawa wonyamuka ndinawaphunzitsa Mjomba mabatani atatu: kuyatsa, kukweza, kubwereza. La kudumpha nyimbo anakana kuliphunzira. Khadi ndinaiika m'kasipika momwemo, ndipo Anti analonjeza kuti azikatchajitsa pamodzi ndi foni yawo, maulaliki adikira kaye. Kabaza atafika, Mjomba anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango, kasipika kali m'thumba la malaya, n'kundipatsa kaseti imodzi mwa isanu ija, yopanda chikuto, yolembedwa ndi bolopeni yofiira kuti Lusaka 78.

"Ulibe poimvera, ndikudziwa," anatero. "Ukafunefune."

Pa Liwonde ndinazungulira mashopu atatu okonza mawailesi. Wachitatu anati ndibwere Loweruka, ali nayo ina kunyumba koma lamba wake anaduka.