Maliro a Msilikali Wakale M'chigwa cha Domasi

Chigwa cha Domasi chili pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, ndipo mtsinje wa Domasi umatsika m'chigwachi kukathira m'nyanja ya Chilwa. Cobbe Barracks siili patali, n'chifukwa chake midzi ya kuno yakhala ikutumiza anyamata ku usilikali chiyambire nthawi ya Keyala, gulu lankhondo la King's African Rifles lomwe atsamunda adakhazikitsa mu 1902. Msilikali wopuma ntchito akatisiya, pakhomo pake pamakumana magulu awiri a anthu omwe adamudziwa mosiyana: anzake a kunkhondo ndi a pabanja pake.

Ntchito imayamba kusadache. Adzukulu amapita kumanda ndi makasu amfumu atawalozera malo, ndipo anyamata amayala masamba pamsewu kuti wodutsa pa njinga atsike. Amuna omwe achezera panja pamoto amayamba kukonza mipando, pamene amayi ena akadali m'nyumba ya siwa ndi namfedwa. Kuseri kwa nyumba miphika ikuluikulu imakhala ili kale pamafuwa, ufa ndi nkhuni zitasonkhedwa khomo ndi khomo. Wina wodalirika amapatsidwa kope lolembamo chipepeso. Poti ukwati wa kuno nthawi zambiri ndi wachikamwini, mwamuna amakhala atamanga kwawo kwa mkazi, choncho nkhani ya komwe akagone imakhala itakambidwa kale pakati pa akuchimuna, akuchikazi ndi ankhoswe.

Dzuwa likakwera, maminibasi a pamsewu wa M3 amayamba kutsitsa anthu pa Songani ndi pa Domasi, akabaza n'kumawakwezera kumtunda. Pakati pawo asilikali akale sasowa: jekete yosita, nsapato zopolisha, mamendulo pachifuwa. Ambiri ndi mamembala a bungwe la asilikali opuma la VELOM. Mbadwo uliwonse uli ndi nkhondo yake. A Nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, yomwe idatenga asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 m'dziko muno, adatha onse. Amene adamenya ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944 atsala owerengeka, ndipo zaka zawo zikuzungulira pa 100. Ofika pamaliro masiku ano ndi a Malawi Rifles ya 1964, amene adalondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique kuyambira mu 1987, amene adalanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, komanso achinyamata omwe abwerako ku DRC. Amakhala pamodzi, n'kumatchulana ndi maudindo omwe adasiya kalekale: "A Sajeni, mwafika?"

Mwambo weniweni umayamba cha m'ma 12 koloko. Ngati malemuwo adali a CCAP, mpingo womwe udazika mizu kuno pamene Alexander Hetherwick adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, amayi a Mvano amafola ndi malaya oyera namayimba. Kwa Asilamu, omwe ndi ambiri pakati pa Ayao a m'chigwachi, zinthu zimafulumira: thupi limasambitsidwa, kukulungidwa m'nsanda, kunyamulidwa pa jeneza, ndipo kumanda kumapita amuna okha. Akuchimuna amayankhula, akuchikazi amayankhula, amfumu amathokoza anthu, kenaka wina amaimirira kuwerenga mbiri ya malemu.

Mbiriyi ndiyo mtima wa tsikuli. Gawo la usilikali limakhala lalifupi: chaka cholowera, batalioni, maiko omwe adapitako, udindo, chaka chopumira. Zimene adaziona kunkhondo sizilembedwa, ndipo kawirikawiri ngakhale mkazi wake sazidziwa zonse. Gawo la banja ndilo limatalika. Amatchula chaka chomwe adamanga banja, ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, ndipo anthu amavomereza ndi mitu chifukwa umboni ali kuuona: nyumba yamalata yomwe idamangidwa ndi ndalama zopumira ntchito, dimba la m'mbali mwa mtsinje, mwana yemwe adaphunzira mpaka kukachita zauphunzitsi ku Domasi College of Education, ana a mlongo wake omwe adawalipirira sukulu ngati mwinimbumba wa kwawo. Bambo wotere adasenza mabanja awiri ndi malipiro amodzi. Koma wowerenga mbiri wachilungamo saiwala mayi wamasiyeyo, amene adalima, kulera ana ndi kuika maliro a pamudzi yekha zaka zonse zomwe mwamuna adali ku Kamuzu Barracks, ku Moyale kapena kunja kwa dziko. Kusamutchula n'kumulakwira kwambiri.

Pa maliro achikhristu, masana bokosi limatuluka. Asilikali akale amayenda mondondozana, ndipo akafika kumanda amaima njo n'kupereka ulemu wachisilikali bokosi likamatsitsidwa. Adzukulu akakwirira, nkhata zimaikidwa motsatana: mkazi, ana, abale, anzake a kuntchito, ampingo, amfumu. Anthu amabwerera kukasamba m'manja ndi kudya, ndipo akutali amafulumira kuti akapeze galimoto kusadade.

Boma limakumbukira anthu amenewa pa Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene nkhata zimaikidwa pa nsanja yachikumbutso ya Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks, pomwe palinso nyumba zosungirako asilikali okalamba. Ulemuwo ndi woyenera, koma ndi wa tsiku limodzi, ndipo ambiri mwa akuluakuluwa adakalambira kumudzi akusamalidwa ndi ana awo.

Madzulo pakhomo pamatsala abale okha, ndipo zokambirana zimakhala zolemera. Amawerenga chipepeso ndi kubweza ngongole za bokosi ndi chakudya. Amagwirizana tsiku lometa kapena la sadaka, nthawi yodzamanga chiliza, ndiponso yemwe adzatsate mapepala a penshoni. Nkhani ya katundu imafuna nzeru za ankhoswe ndi amfumu, chifukwa lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kuwalanda katundu ndi mlandu. Mamendulo ndi satifiketi yopumira ntchito amapatsidwa kwa amene banja lagwirizana kuti azisunge, kawirikawiri mayi wamasiyeyo kapena mwana woyamba.