Obwera m'mudzi wa eni ku Wales

 Ambiri mumandifunsa kuti anthu a kuno ku Gwynedd, kumpoto kwa Wales, anatilandira bwanji. Lero ndiyankhe.

Titangofika m'mudzi muno, agogo a nyumba yoyandikana nafe ankangoti "Bore da", moni wa m'mawa, basi n'kulowa m'nyumba. Ndinkaganiza kuti vuto ndi khungu langa. Kenako ndinaona kuti Angelezi obwera kuchokera ku Manchester ankalandiridwanso chimodzimodzi. Tonse amatitchula "pobl ddŵad", ndiye kuti obwera, monga mmene timanenera kwathu.

Kukayikira kwawo kuli ndi chifukwa. Anthu andalama a m'mizinda amagula nyumba m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuti azidzapumulamo pa tchuthi. Mitengo imakwera, achinyamata a m'mudzi amalephera kugula, ndiye amasamuka. Nyengo yozizira nyumba zambiri zimakhala mumdima. Sukulu ya pulayimale ya ku Abersoch inatsekedwa mu 2021 chifukwa chochepa ana. Kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 538,000 olankhula Chiwelshi, kutsika kuchokera pa 562,000 mu 2011. Akuluakulu sanaiwalenso mudzi wa Capel Celyn umene unamizidwa mu 1965 kuti mzinda wa Liverpool upeze madzi. Mkwiyo unafika poipa kuyambira 1979, pamene gulu la Meibion Glyndŵr linayamba kutentha nyumba za tchuthi. Pano nkhondoyo ili pa msonkho: mu 2023 makhonsolo anapatsidwa mphamvu yowonjezera mpaka 300 peresenti pa msonkho wa nyumba zoterezi.

Kwathu kuno zinthu zinasintha chifukwa cha mwana wathu wamkazi. Khonsolo ili ndi malo ophunzitsirako ana obwera Chiwelshi, ndipo anapitako kwa milungu ingapo. Tsiku lina anawayankha agogo aja m'chilankhulo chawo. Mawa lake anagogoda pakhomo atanyamula bara brith, buledi wawo wa zipatso zouma. Anandiuza kuti iwo sayang'ana kumene munthu wachokera. Amangoona ngati nyali yake imayaka mu Januwale, ndiponso ngati ana ake ali pasukulu ya m'mudzi.

Sindikunena kuti onse ndi angelo. Mnzanga wina Mngelezi amene timaphunzitsa limodzi anaphunzira Chiwelshi kalekale, koma ena amamutchulabe wobwera, ndipo zimamupweteka.

Komabe ine nkhaniyi inandichititsa manyazi. Inu amene ndinakuphunzitsani ku Rumphi mukukumbukira kuti ndinakhala kumeneko zaka 6. Chitumbuka changa chinathera pa "Monire". Pa msonkhano wa makolo, amayi anu ndi amene ankavutika kusaka mawu a Chichewa kuti ine ndimve, ine osavutikako ngakhale pang'ono. Ndinkadandaula kuti anthu ake ndi odzipatula, osadziwa kuti wodzipatulayo ndinali ine.

Ndiye aphunzitsi anzanga, akakutumizani kudera la chilankhulo china, musachite ngati ine. Phunzirani, ngakhale ana azikusekani. Ine pano Lachiwiri lililonse madzulo ndimakhala pa benchi ngati mwana wa Fomu 1, kulimbana ndi "ll" amene lilime langa likumukanabe. Agogo aja amandiseka, kenako n'kundikonza.