Ku Tete kulibe mwera: kalata ya atate a ku Metangula

Mnyamata wa ku Metangula akamapita kukaphunzira ku Tete, njira yachidule imadutsa m'dziko la eni. Amakwera galimoto mpaka ku Lichinga, kutsikira ku Mandimba, kulowa m'Malawi pa Chiponde, n'kukatulukira pa Zóbuè. Mnyamata wina amene anapeza malo pa Instituto Superior Politécnico de Tete anayenda ulendo umenewu atanyamula thumba la usipa wouma, laputopu yakaunjika yochokera ku Johannesburg, ndi kalata ya atate ake. Atatewo ndi makaniko wa mainjini a maboti. Za mowa ndi atsikana anasiyira amalume a mwanayo. Iwo analemba za kutentha.

"Mwana wanga, magemu sindikuletsa, chifukwa ndikakuletsa uzingosewera mobisa," ikutero kalatayo poyamba. "Koma makinawa amayi ako anawagula ndi thukuta la pa usipa, kuti uphunzirire. Akafa chaka chisanathe, ena sitigulanso."

Nkhawa yawo ili ndi mutu. M'laputopu yosewerera magemu muli kachipangizo kojambula zithunzi kotchedwa GPU. Munthu akamalemba pa Word kamakhala ngati kagona. Akangotsegula EA Sports FC kapena GTA V kamadzuka n'kuyamba kudya magetsi, ndipo pafupifupi magetsi onsewo amasanduka kutentha m'kabokosi kopyapyala. N'chifukwa chake chaja ya makina otere imalembedwa mawati 180 kapena 230, pamene ya laputopu wamba imathera pa 45 kapena 65. Timapaipi ta mkuwa timanyamula kutenthako kupita nako ku tizitsulo topyapyala ta m'mphepete, ndipo mafani amapemerera mphepo pamenepo kuti kutuluke panja.

Pofotokoza zimenezi, atatewo anagwira chimene amachidziwa. Injini ya Yamaha imadziziziritsa ndi madzi a m'nyanja amene imayamwira kunsi. Jumbo kapena ndere zikatseka poyamwirapo, kamadzi kotuluka kumbuyo kaja kamasiya, ndipo msodzi wozindikira amazimitsa nthawi yomweyo. "Laputopu yako nayonso imayamwira kunsi, kungoti imayamwa mphepo. Ukaiika pa matiresi, pa bulangeti kapena pamiyendo, watseka poyamwira. Iziikidwa pa tebulo, ndipo kumbuyo kwake uzikweze ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo. Zogula zokhala ndi mafani kunsi zimathandiza pang'ono, koma usasiye kudya chifukwa cha zimenezo."

Kenaka anamupatsa manambala, poti dzanja limanama. Kuyambira 2020, Task Manager ya Windows imaonetsa kutentha kwa GPU, ndipo mapulogalamu aulere monga HWiNFO ndi MSI Afterburner amaonetsa zambiri kuposa pamenepo. Pakati pa gemu, madigiri 70 mpaka 80 ndi abwinobwino. Ma GPU ambiri a NVIDIA a m'malaputopu akafika pa 87 amadzichepetsera liwiro okha kuti asapse, ndipo purosesa imachita chimodzimodzi ikayandikira 100. Wosewera amaona osewera mpira akudukizadukiza, fani ikulira mokweza, iye n'kumanyoza netiweki ya Movitel pamene vuto lili patebulo pake pomwepo.

Gawo lalitali kwambiri la kalatayo ndi la nyengo, ndipo m'pomveka. Ku Metangula kumatentha ndithu, koma nyanja ili pakhomo, ndipo mu Juni ndi Julayi mwera umawomba mpaka asodzi kukokera ngalawa kumtunda. Tete ali m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Makampani ambiri opanga malaputopu amalemba kuti makina awo azigwira ntchito m'chipinda chosapitirira madigiri 35. Fani siipanga mphepo yozizira, imangotenga imene ilipo m'chipindamo. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10 owonjezera, GPU nayonso imakwera pafupifupi chimodzimodzi, choncho makina amene kunyanja amasonyeza 78 akhoza kukagunda malire ku Tete pa gemu yomweyo. "Ukakapeza chipinda cha malata chopanda siling'i, masana usasewere. Dikira dzuwa lilowe, utsegule windo. Masanawo ndi a mabuku, ndipo apa ine ndi makinawo tikugwirizana."

Fumbi analitchula mwachidule. Kunyanja mdani ndi nkhungu, touluka tija timene timabwera ngati utsi n'kudzadzana pa chilichonse chowala. Ku Tete ndi fumbi la chilimwe ndi la malasha a ku Moatize, tsidya lina la mtsinje. Limapanga kachiguduli kuseri kwa fani, mphepo n'kulephera kudutsa. Atatewo akuti miyezi ingapo iliyonse mwanayo azimitse makinawo, agwire faniyo ndi kamtengo kuti isazungulire, apemerere ndi mpope wa njinga.

Langizo lopulumutsa kwambiri ndi limene anyamata salikonda. Masikirini ambiri a makina otere amatha kuonetsa zithunzi 144 pa sekondi, ndipo GPU ikasiyidwa imathamanga ndi mphamvu zake zonse kuti ifikepo. Kuimangira pa 60 m'makonzedwe a gemu, n'kutsitsako mithunzi ndi udzu wa m'bwalo, kumachepetsa magetsi ndi kutentha nthawi yomweyo. Chigoli chimakhala chigoli ndithu pa 60. Zochepetsa mavoti pa Afterburner atatewo anati aziyambe akamaliza chaka choyamba, akadziwa chimene akugwira.

Wina anganene kuti makina a masiku ano amadziteteza okha, ndiye nkhawa n'njachiyani? N'zoona kuti sapsa tsiku limodzi. Amatha pang'onopang'ono. Mu 2008 kampani ya NVIDIA inapatula madola pafupifupi 200 miliyoni chifukwa cha ma GPU a m'malaputopu a HP, Dell ndi Apple amene amafa msanga. Timalumikizidwe ta m'kati mwake tinali tofooka, ndipo timathyoka chifukwa cha kutentha n'kuzizira mobwerezabwereza. Vuto la zipangizolo linakonzedwa, koma chitsulo chikadali kufutukuka chikatentha n'kubwerera chikazizira. Apa m'pamene nzeru ya anyamata ena yoika laputopu yotentha m'firiji imakhala yoopsa: ikatuluka imachita thukuta m'kati, ndipo madzi ndi magetsi sayanjana.

Batire nalonso limadana ndi kutentha. "Ukaona pogwira mbewa patukuka, kapena chivundikiro chakunsi chikukana kutsekeka, batire latupa. Usalibaye, usalipanikize, usalichajenso. Lichotsedwe."

Kalatayo ikuthera pa thermal paste, phala lotuwa lopakidwa pakati pa GPU ndi mkuwa, limene limauma pakapita zaka. Makina akaunjika amabwera nalo litauma kale. Atatewo sanafune kuti mwana atsegule yekha ulendo woyamba. "Upeze wokonza amene angalole kuti uime pambali pake ukuonerera, ndipo uwerenge masikuluwu asanatsegule ndiponso akatseka. Ndalama yake ndikutumizira pa M-Pesa ukandiuza mtengo. Okutobala akafika pakati unditumizire pa WhatsApp chithunzi cha nambala ya madigiri ija gemu ili mkati, pamodzi ndi zotsatira za mayeso. Amayi ako akuti usipawo ugawireko anzako a m'chipinda. Ndine atate ako."